Magolovesi awerengedwe pa manja, osati pa layisensi ya fodya

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, munda wa fodya wa burley ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji kapena ku Mzimba umacha uli chinyowere, kaya usiku kunagwa mvula kaya ndi mame okha. Wothyola amalowa mumzere atawerama. Dzanja lamanja limabudula masamba awiri kapena atatu a m'munsi pa tsinde lililonse, n'kumawapanikiza m'khwapa mwa dzanja lamanzere mpaka mtolo utakula. Masamba a m'mwamba amakhala akumukhula m'khosi, kumsana ndi m'makutu. Pomaliza mizere iwiri malaya amakhala atamatirira pathupi, zala zitada ndi utomoni uja suchoka ndi madzi okha. Madzi amene anyowetsa malayawo asungunula chikonga cha m'tsamba, ndipo khungu la munthu silichikaniza. Chimalowa n'kukafika m'magazi munthuyo asanasute ndudu ngakhale imodzi.

Zotsatira zake zimabwera madzulo kapena pakati pa usiku, nthawi zambiri patapita maola 3 mpaka 17: mutu kuwanga, chizungulire, nseru, kusanza, m'mimba kupotokola, thukuta lozizira, malovu kudzadza m'kamwa, mawondo kulefuka. Ena mtima umathamanga, ena umagunda pang'onopang'ono, ena amabanika. Pakhomo amangoti fodya wamuledzeretsa, kapena ndi dzuwa, kapena malungo ayambanso. Madokotala amawatchula matendawa kuti Green Tobacco Sickness, ndipo anawalemba koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1970 atawaona pakati pa othyola fodya a ku Florida m'dziko la America. Amatha okha pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo sikawirikawiri kupha munthu. Kusapha kumeneku ndi kumene kwachititsa kuti tiwazolowere. Koma munthu amene akusanza usiku wonse m'nyengo yotentha amatha madzi m'thupi, ndipo amene wagona masiku awiri pakati pa nyengo yothyola wasiya masamba akupsera m'munda. Akadzuka amabwerera mumzere womwewo atavala malaya omwewo.

Maganizo anga ndi akuti zovala zodzitetezera pothyola fodya ndi zipangizo za ulimi chimodzimodzi mbewu ndi feteleza, ndipo amene amagula fodya ndiye ayenera kuzipereka, powerengera anthu onse amene amagwira tsamba pakhomopo. Masiku ano layisensi ndi kontirakiti zimakhala ndi dzina limodzi, kawirikawiri la bambo. Kumene zovala zimaperekedwa, n'chapafupi kuti zitsate dzina limodzilo. Chonsecho munda wa pabanja sulimidwa ndi munthu mmodzi. Muli mayi, muli mlamu, muli mwana wamkulu, muli aganyu amene amabwera ntchito ikathina. Jekete limodzi la mvula pakati pa anthu asanu latchinjiriza mmodzi, anayi alowa m'mame chimodzimodzi kale.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa chikongacho, chifukwa ambiri amachiderera. Ofufuza a ku America anapeza kuti mamililita 100 a mame a pa tsamba la fodya, omwe ndi osakwana theka la kapu ya tiyi, amatha kukhala ndi mamiligiramu 9 a chikonga, ndipo wothyola amatha kukhudzana ndi mamililita 600 a madzi oterewa pa tsiku lonyowa. Tikachulukitsa tipeza mamiligiramu 54. Wosuta amalowetsa m'magazi pafupifupi miligiramu imodzi pa ndudu iliyonse, n'chifukwa chake bungwe la Plan, mu lipoti lake la 2009 lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi, linayerekeza mlingo umenewu ndi ndudu 50. Sikuti chonsecho chimalowa m'thupi ayi; china chimatsalira m'nsalu, china chimagwera pansi. Koma ngakhale gawo lochepa la mlingo umenewu ndi lokwanira kugwetsa munthu wosasuta. Tsono taganizirani kuti hekitala imodzi imakhala ndi mitengo ya fodya yopitirira 13,000, uliwonse masamba 18 kapena kuposerapo. Amenewo ndi masamba oposa 230,000, ndipo lililonse limadutsa m'manja pothyola, ponyamula, posoka ndi popachika m'chigafa. Chikonga chimapangidwa m'mizu n'kumakwera kukasonkhana m'masamba, ndipo fodya akathenedwa chimachuluka kwambiri. Ndiye kuti masamba a m'mwamba, amene amathyoledwa kumapeto anthu atatopa kale ndipo magolovesi atang'ambika, ndi amene ali ndi chikonga chambiri. Kuchotsa mphukira ndi manja nakonso kumapaka madzi a fodya pa zala tsiku lonse.

Kumene anawerengapo odwala, chiwerengero sichinali chochepa. Ku North Carolina m'dziko la America, kafukufuku amene anatsatira ogwira ntchito m'minda ya fodya nyengo yonse anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anadwalapo matendawa. Ku Kentucky, ku America komweko, kumene amalima burley ngati wathu yemweyu, anthu 47 anathamangira nawo kuchipatala m'maboma asanu okha pa miyezi iwiri yokolola mu 1992. Dziko la Brazil ndi lomwe tingaphunzireko zambiri, chifukwa fodya wawo amalimidwa ndi mabanja pa minda ing'onoing'ono pansi pa makontirakiti a makampani. Kumeneko matendawa anatsimikizidwa koyamba ku Arapiraca mu 2007, kenako ku Candelária mu 2008, poyeza mkodzo wa odwala. Kafukufuku wina wa alimi oposa 2,000 ku São Lourenço do Sul anapeza kuti m'mwezi umodzi wokha amuna pafupifupi 7 pa 100 alionse anadwala, pamene akazi anali pafupifupi 12 pa 100. Akazi ndi amene anadwala kwambiri, ndipo akazi ndi amene maina awo sakhala pa kontirakiti.

Kwathu kuno matendawa amabisala m'malungo. Miyezi yothyola fodya ndi yomweyo imene udzudzu umachuluka, ndipo mutu, kusanza ndi kuphwanya m'thupi ndi zizindikiro zomwe aliyense amazidziwa ngati za malungo. Kusiyana kulipo ndithu. Wodwala chikonga kawirikawiri thupi silitentha, amayamba kudwala tsiku lomwelo wagwira fodya wonyowa, ndipo amapezako bwino akangosiya kulowa m'munda. Koma kuti kusiyanaku kuoneke, wina ayenera kufunsa funso limodzi: lero kapena dzulo munali m'fodya? Pa chipatala chaching'ono pamene dokotala mmodzi akuona mzere wa anthu ofika panja, funsoli silibwera lokha ngati silinalembedwe pa ndondomeko. Magazi akapanda kusonyeza malungo, wodwala amapatsidwa panado n'kubwerera. Akasonyeza malungo, amwe LA monga alamulira achipatala, koma afunsidwebe za fodya, chifukwa munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Alangizi a zaumoyo m'maboma olima fodya atangophunzitsidwa funso limeneli, n'kumalemba yankho lake m'kaundula, m'nyengo imodzi yokha tikhoza kudziwa kukula kwa vutoli m'malo momangotchula ziwerengero za ku Brazil.

Chitetezo choyamba sichigulidwa m'sitolo. Ndi kudikira kuti tsamba liume. Mame akauma, cha m'ma 9 kapena 10 koloko malinga ndi mitambo, chikonga chimene chimafika pakhungu chimachepa kwambiri. Mvula ikagwa masana, tulukani m'munda ndipo musabwereremo mpaka masamba atasiya kudontha. Alimi ambiri adzati zimenezi n'zolankhula za anthu a muofesi: m'mawa ndi mozizira, mvula ya Febuluwale imakonda kubwera masana, ndipo fodya akapsa sadikira. Zonsezo n'zoona. Koma fodyayo payekha sakonda kuthyoledwa wonyowa. Tsamba la m'mamawa limakhala lokhuta madzi, limathyoka msanga ndi kusupuka popanikizidwa m'khwapa. Likapachikidwa m'chigafa likudontha, makamaka mikangala ikathithikana, limawola lisanaume, ndipo pa okushoni tsamba lowola m'chigafa aliyense amadziwa mtengo wake. Ntchito ya m'mawa ilipo yambiri yosafuna kulowa m'mizere: kukonza mikangala, kusuntha fodya wouma kale m'chigafa, kufolera podontha, kudula ulusi. Chofunika kusamala n'chakuti masamba othyoledwa dzuwa litakwera asasiyidwe pamtetete, chifukwa amapsa ndi dzuwa msanga. Apite pamthunzi nthawi yomweyo. Komabe pali masabata amene mvula imagwa osalekeza, fodya akupsa, ndipo palibe kuchitira mwina koma kulowa. Masiku amenewo ndi amene zovala zimafunika, ndipo sakhala ochepa.

Pa magolovesi m'pamene ambiri amalakwitsa. Magolovesi a nsalu kapena a chikopa amathandiza tsamba likakhala louma, koma akanyowa amaipa kuposa manja opanda kanthu, chifukwa amamwa madzi a chikonga n'kuwasunga pakhungu kwa maola ambiri. Oyenera ndi osalowa madzi, a labala wa nitrile kapena a pulasitiki ya PVC, aatali ofika pakati pa mkono. Aja opyapyala a kuchipatala amang'ambika pa tsinde lachitatu, ndipo okhuthala kwambiri a m'mafakitale amachititsa kuti zala zisamve tsamba, wothyola n'kumaling'amba kenako n'kuwavula mokwiya. Kukula kwake n'kofunikanso: golovesi la dzanja la bambo pa dzanja la mayi limavuka lokha, ndipo madzi amalowera kukamwa kwake. Mkono wa jekete uzikhala pamwamba pa golovesi pothyola masamba a m'munsi, kuti madzi otsetsereka asatsikire m'kati. M'mawa uliwonse thirani madzi m'golovesi, finyani kukamwa kwake, muone ngati pali podontha. Lobooka litayidwe, chifukwa limalowetsa madzi osawatulutsa. Povula, yambani mwalitsuka ndi sopo lili m'manja, kenako livuleni molitembenuza, muliyanike pamthunzi kuti m'kati muume. Amene ali ndi mabala, ming'alu kapena zidzolo m'manja ndiye ali pachiopsezo chachikulu, popeza khungu long'ambika limalowetsa chikonga mwachangu. Peyala imodzi singathe nyengo yonse yothyola. Wopereka zipangizo amene akufunadi kuti zigwire ntchito awerengere mapeyala angapo pa munthu aliyense.

Manja si malo okhawo. M'khwapa, m'nthiti ndi pamimba, pamene mtolo wa masamba umatsamira, ndi malo ofunda, a thukuta, a khungu lofewa. Jekete la mvula la manja aatali ndi buluku lake, kapena epuloni ya pulasitiki yophimba chifuwa ndi m'mbali pamodzi ndi zovala m'mikono, n'zimene zimatchinga pamenepa. M'kati muvale malaya a thonje a manja aatali oti azimwa thukuta. Kumapazi majombo, buluku likhale kunja kwa jombo kuti madzi asatsikiremo. Kumene jekete kulibe, pepala la pulasitiki latsopano lobooledwa pakati polowetsa mutu n'kumangidwa m'chiuno limathandizako. Ogwira ntchito m'minda ya ku America amavala matumba akuda a zinyalala mwa njira yomweyi. Koma lisakhale pulasitiki limene munali mankhwala kapena feteleza. Ndipo njira yonyamulira ikhoza kusintha: m'malo mopanikiza masamba m'khwapa mpaka kumapeto kwa mzere, ayikeni pa chiguduli kapena pa thumba loyala, awiri n'kunyamula mogwira m'mbali.

Chodandaula chachikulu pa jekete ndi kutentha, ndipo n'chomveka. Pulasitiki pa dzuwa la Febuluwale akhoza kukomola munthu, ndiponso thupi likatentha mitsempha ya pakhungu imatseguka, chikonga n'kumalowa mosavuta. Choncho jekete si lovala tsiku lonse. Ndi la nthawi imene tsamba lili lonyowa basi. Likangouma, vulani jekete, vulaninso malaya a m'kati ngati anyowa, muvale ouma a manja aatali, magolovesi akhalebe m'manja. Madzi akumwa akhale kumapeto kwa mzere, osati kunyumba: kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse pogwira ntchito yolemetsa padzuwa, osadikira ludzu. Chigubu cha malita 5 sichikwanira anthu anayi mpaka masana.

Malaya achiwiri amenewa anthu amawaona ngati nkhani yaing'ono, koma amachita zambiri. Munthu amene wanyowa 7 koloko n'kukhala ndi malaya omwewo mpaka madzulo, akuumira pathupi, amakhala akumwa chikonga ngakhale pa nthawi imene wakhala pansi kudya nsima. Kusamba m'manja ndi sopo kumachotsa pafupifupi chikonga chonse chimene chili pakhungu. Ofufuza anapeza kuti chimachoka choposa magawo 90 pa 100. Ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo zikhale pa chigafa, anthu asambe asanadye, asanayamwitse, asanapite kuchimbudzi. Poweruka asambe thupi lonse ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osati otentha. Zovala za m'fodya zisavalidwe kawiri zisanachapidwe, zichapidwe pazokha, ndipo wochapayo adziwe kuti madzi oyamba aja ndi a chikonga: avale magolovesi, awataye kutali ndi chitsime, asatsukiremo matewera. Kawirikawiri wochapayo amakhala mayi yemwe uja anali m'munda m'mawa.

Ntchito ya amayi m'fodya ndi imene imaiwalika kwambiri pokamba za chitetezo. Posoka, mayi amakhala pansi pa mthunzi wa chigafa, mulu wa masamba aawisi uli pamiyendo, chitenje chitanyowa mpaka m'ntchafu, singano ikubaya mitsitsi ya masamba n'kumatulutsa madzi ake pa zala, kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Amene amamuona amati ali pa ntchito yopepuka. Pepala la pulasitiki pamiyendo, kapena kusokera pa thandala m'malo mwa pamiyendo, zimachotsa gawo lalikulu la vutoli. Mayi woyembekezera asagwire fodya wamuwisi mpang'ono pomwe, chifukwa chikonga chimafika kwa mwana m'mimba. Chimalowanso mu mkaka wa m'mawere. Khanda lobereka kumbuyo mayi akuthyola limakhala pa msinkhu weniweni wa masamba, nkhope ndi timiyendo zikukhulidwa ndi tsamba lonyowa, ndipo silinganene kuti likumva chizungulire. Ana okulirapo nawonso thupi lawo ndi laling'ono poyerekeza ndi khungu limene likukhudza fodya, choncho mlingo womwe wamkulu angaupirire umawagwetsa. Malamulo a dziko lino, kudzera mu mndandanda wa 2012 wa ntchito zoopsa kwa ana, amaletsa osakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pachiswe, ndipo ntchito za fodya zilimo. Apa yankho si magolovesi aang'ono. Mwana asagwire fodya wamuwisi, kaya ndi tchuthi kaya ndi Loweruka.

Pali chisokonezo china chimene alangizi ayenera kuchithetsa. Ambiri akamva za zodzitetezera amaganiza za chophimba pakamwa ndi pamphuno. Chimenecho chili ndi ntchito yake posankha ndi podinda fodya wouma, pamene fumbi limakhala tolo, ndiponso popopera mankhwala pamafunika choyenera ntchito imeneyo. Koma chikonga cha tsamba lonyowa chimadzera pakhungu. Munthu wovala chophimba pamphuno atapinda malaya m'mikono sanadziteteze ku chilichonse. Komanso zovala zopoperera mankhwala zisasandutsidwe zothyolera. Golovesi limene dzulo linasakaniza mankhwala a nsabwe za m'masamba kapena opha mphukira, lero likavalidwa tsiku lonse dzanja likuchita thukuta, labweretsa poizoni wachiwiri. Zikhale ziwiri, zosungidwa malo osiyana, zoikidwa chizindikiro. Ndipo munda ukapoperedwa, masiku amene alembedwa pa botolo oti anthu asalowemo atsatidwe. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika ngakhale kuchipatala, chifukwa mankhwala ena ophera tizilombo amayambitsa kusanza, malovu ndi thukuta mofanana ndi chikonga, koma iwo amapha, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Wodwala akapita kuchipatala, operekeza anene ngati m'mundamo munapoperedwa posachedwa, ndipo atenge botolo lake.

Zikhulupiriro zina ziyenera kutsutsidwa poyera. Ena amati wosuta sadwala, ndiye wachinyamata ayambe kusuta kapena kufwenkha fodya wa m'mphuno kuti thupi lizolowere. N'zoona kuti osuta samva zizindikiro msanga, koma chikonga chimawalowabe, ndipo kugula khansa ndi matenda a mtima pofuna kuthawa kusanza kwa masiku awiri si nzeru. Ena amati mkaka umasukulutsa poizoni. Chikonga chimene chalowera pakhungu chili kale m'magazi, mkaka sungachipeze. Kachasu ndiye amaonjezera moto, chifukwa amatsegula mitsempha ya pakhungu ndi kuumitsa thupi. Munthu akayamba chizungulire m'munda, atuluke nthawi yomweyo, avule zonyowa zonse, asambe ndi sopo, agone pamthunzi chammbali kuti masanzi asamutsamwe. Amwe Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, pang'onopang'ono ngakhale akusanza. Ngati palibe, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Akamasanza chilichonse chimene wamwa, akamabanika, akakomoka kapena kubwebweta, thupi likatentha, kapena ngati ndi mwana, mayi woyembekezera kapena munthu wa vuto la mtima, musadikire kuti kuche. Kuchipatala amamuika diripi ndi kumupatsa mankhwala oletsa kusanza.

Tsono ndani alipire? Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito limapereka udindo wa zovala zodzitetezera kwa wolemba ntchito. Linalembedwa poganizira fakitale ndi esiteti. Koma chiyambire pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima burley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, fodya wambiri amachokera m'minda ya mabanja, mmene mulibe bwana woti lamulo limugwire. Mkazi si wantchito wa mwamuna wake. Ngakhale ulimi wa matenanti, umene unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, sunasiye dongosolo lomveka la amene amagula jekete la waganyu wa masiku atatu. Amene ali ndi mphamvu yeniyeni pa mundawo ndi wogula. Kuyambira 2012, pamene ulimi wa makontirakiti unakhazikitsidwa, kampani ndi imene imasankha mbewu, imapereka feteleza pa ngongole, imatumiza mlangizi pa njinga yamoto kudzayeza munda, ndipo imanena mtundu wa tsamba limene ikufuna. Dziko la America litaletsa fodya wa ku Malawi kulowa m'dzikomo mu Novembala 2019 chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, makampani ena anachotsedwa pa chiletsocho mu 2020 atasonyeza kuti amatha kulondoloza zochitika m'minda ya alimi awo. Amene angathe kudziwa ngati pakhomo pali mwana wogwira fodya angathenso kudziwa kuti pali akuluakulu angati ofunika magolovesi. Makampani ena anayamba kale kupereka zovalazi ndi kuphunzitsa za matendawa, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Chotsala n'chakuti zisakhale za chifundo cha kampani, koma lamulo la Tobacco Commission, bungwe la boma loyang'anira ulimi ndi malonda a fodya, kwa wogula aliyense. Dziko lino linalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO loona za fodya mu 2023, ndipo gawo 18 la panganolo limanena za kuteteza umoyo wa anthu pa ulimi wa fodya. Mbewu imene imabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko singalephere kuveka manja amene amaithyola.

Ena adzati alimi akapatsidwa majekete adzawagulitsa, kapena adzawavala popita kumsika. Zoterezi zimachitika, monga zimachitikira ndi feteleza, koma palibe amene ananenapo kuti feteleza asiye kuperekedwa. Chimene amachita n'kulondoloza. Mlangizi amene amabwera kudzaona ngati fodya wathenedwa bwino abwereko m'mawa wina kunja kuli mame, aone amene ali m'mizere ndi zimene avala. Ndipo munthu amene wamvetsa kuti kusanza kwa chaka chilichonse kuja sikunali malungo sagulitsa golovesi lake mwachisawawa. Ena adzati mtengo wake udzangowonjezedwa pa ngongole ya mlimi. Apa ndi pamene TAMA Farmers Trust ndi mabungwe ena a alimi ayenera kuuma khosi pokambirana makontirakiti: zovala za munthu mmodzi sizifika n'komwe pa mtengo wa thumba limodzi la feteleza, ndipo kampani yogula zikwizikwi nthawi imodzi imazipeza motchipa kuposa mlimi wogula peyala imodzi pa sitolo ya pa Chinkhoma. Zikaikidwa pa ngongole, mlimi wothina adzasainira za munthu mmodzi kuti ngongole ichepe, ndipo tidzabwerera pomwe tinali.

Alimi osakhala pa kontirakiti, ogulitsa pa okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, asasiyidwe kunja. Onse amalembetsa ku Tobacco Commission chaka chilichonse, ambiri kudzera m'makalabu, ndipo pa fodya aliyense wogulitsidwa pamadulidwa kale ndalama zosiyanasiyana, kuphatikizapo za kafukufuku ndi ulangizi wa ARET. Pa fomu yolembetsera pawonjezedwe mzere wofunsa chiwerengero cha akuluakulu ogwira ntchito pamundapo, amuna angati, akazi angati, kuti magolovesi abwere a misinkhu yoyenera. Kalabu iliyonse ikhale ndi mapeyala apadera osungira aganyu ndi olowa m'malo mwa ong'ambika. Ndipo katunduyo afike mu Disembala, fodya asanathenedwe, chifukwa wofika mu Malichi amapeza masamba a m'munsi ndi a pakati ali kale m'chigafa.